Kumene Masekondi Amathera: Kufulumizitsa Edita pa Malaputopu a mu Lusaka

Munthu wolemba mapulogalamu a kompyuta amathera gawo lalikulu la tsiku lake mkati mwa chida chimodzi chotchedwa edita, yomwe ndi pulogalamu yolembera mawu osakongoletsedwa amene makina amawatenga ngati malamulo, ndipo imasiyana ndi Microsoft Word chifukwa chidwi chake chili pa kulondola kwa chilembo chilichonse osati pa maonekedwe a tsamba. Mu Lusaka, kuyambira kwa ophunzira a sayansi ya makompyuta ku University of Zambia pa msewu wa Great East mpaka kwa achinyamata amene akhala akusonkhana ku BongoHive, malo ochitirako za luso la makompyuta, chikhazikitsidwire malowo mu 2011, maedita amene amamveka kawirikawiri ndi Visual Studio Code, Vim, Neovim ndi Emacs, ndipo dandaulo limene limatsatana nawo onse ndi lakuti edita imene inkatseguka m'kuphethira kwa diso pa tsiku loyamba imayamba kuzengereza pakapita miyezi ingapo. Malangizo ochizira vutoli ndi ochuluka, koma ambiri mwa iwo analembedwa ndi anthu amene makina awo ndi atsopano, magetsi awo sazima, ndipo intaneti yawo salipira pa bandulo, kotero kuti wokhala ku Kabwata kapena ku Chelstone amene angawatsatire osayamba wayeza makina ake akhoza kutha sabata yathunthu akukonza chinthu chimene sichinawonongeke.

Mbiri ya zida zimenezi ikuonetsa kuti zinabadwira m'kusowa. Bill Joy analemba vi mu 1976 ku Berkeley akulumikizana ndi kompyuta yaikulu kudzera pa waya wa telefoni umene unkanyamula zilembo pafupifupi 30 pa sekondi, ndipo n'chifukwa chake malamulo a vi ali afupiafupi, a chilembo chimodzi kapena ziwiri. Bram Moolenaar wa ku Netherlands anatulutsa Vim mu 1991 potsanzira vi, ndipo kufikira imfa yake mu Ogasiti 2023 ankapempha ogwiritsa ntchito kuti m'malo momulipira athandize ana osowa a ku Kibaale m'dziko la Uganda, kumene iye anagwirako ntchito yodzipereka. Neovim inapatuka kuchokera ku Vim mu 2014, GNU Emacs ya Richard Stallman inatuluka mu 1985, pamene Visual Studio Code ya kampani ya Microsoft inafika mu 2015 itamangidwa pa Electron, kutanthauza kuti mkati mwake muli injini yathunthu ya bulawuza ya Chromium, ndipo imalemera kuyambira pachiyambi. Zambia nayo inalowa pa intaneti mu 1994 kudzera mu ZAMNET, kampani imene inachokera ku University of Zambia, pa nthawi imene chilembo chilichonse chodutsa pa waya chinali ndi mtengo wake, ndipo akatswiri a m'badwo umenewo sakanalola pulogalamu kudya nthawi popanda kufunsa chifukwa.

Chimene chimalemetsa edita ndi zinthu ziwiri zimene mwini wake amaikamo yekha. Choyamba ndi mapulagini, timapulogalamu towonjezera timene timapatsa edita luso limene inalibe, monga kupaka mitundu pa mawu, kumalizitsa mawu amene munthu wayamba kulemba, kuonetsa zolakwika, kapena kulumikizana ndi Git. Chachiwiri ndi fayilo ya makonzedwe, imene ku Vim imatchedwa .vimrc, ku Neovim init.lua, ku Emacs init.el, ndipo edita imaiwerenga mzere ndi mzere nthawi iliyonse ikamatseguka. Chizolowezi chofala pakati pa oyamba kumene ndi kukopera fayilo ya makonzedwe ya katswiri wina wotchuka pa GitHub, yodzaza ndi mapulagini makumimakumi a zilankhulo za kompyuta zimene wokoperayo sadzazigwirapo, ndipo fayilo iliyonse ya pulagini iliyonse imayenera kupezedwa pa disiki, kuwerengedwa ndi kumasuliridwa nthawi iliyonse edita ikamatseguka.

Apa ndi pamene nkhani ya Lusaka imasiyana ndi ya kwina. Kompyuta ikawerenga fayilo kuchokera pa disiki imasunga kope lake mu RAM, yomwe ndi nkhokwe yachangu koma yoiwala zonse magetsi akachoka, kotero kuti kutsegula edita kachiwiri kumakhala kofulumira kwambiri kuposa koyamba. Akatswiri amasiyanitsa kutseguka kozizira, kochitika makina atangoyatsidwa kumene, ndi kutseguka kofunda, kochitika mafayilo ali kale mu RAM, ndipo pafupifupi manambala onse amene anthu amadzitama nawo pa intaneti ndi a kutseguka kofunda. Chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinatsitsa madzi a m'damu la Kariba, kumene mbali ya Zambia ili ndi makina otha kupanga mamegawati 1,080, ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi kwa maola 8 pa tsiku mu Marichi chaka chimenecho, n'kufika pa maola 17 mu Seputembala. M'nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene sola, ma inveta ndi majenereta zinachuluka, laputopu inkangogonekedwa n'kudzutsidwa RAM yake ili yodzaza, pamene m'mafulati a ku Kabwata kapena m'nyumba za lendi za ku Chelstone, laputopu ya batire yotopa inkafa limodzi ndi magetsi, ndipo mwini wake ankakumana ndi kutseguka kozizira nthawi iliyonse, mwinanso atanyamula makinawo kupita nawo ku malo a mashopu a East Park kapena Manda Hill kukasaka soketi.

Vutoli limakula chifukwa cha mtundu wa makina amene ali m'manja mwa ambiri. Malaputopu ogwiritsidwapo ntchito kunja amene amagulitsidwa m'timashopu ta pakati pa tauni, m'dera la misewu ya Cairo, Cha Cha Cha, Freedom Way ndi Katondo, ena akadali ndi hadi disiki yozungulira, imene mbale yake imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi. Kuzungulira kamodzi kumatenga mamilisekondi 11, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pophatikiza kudikira kuti mbale ifike pamalo oyenera ndi kusuntha kwa kamutu kowerengera, kupeza fayilo imodzi yaing'ono yomwe ili payokha kumadya mamilisekondi oposa 10. Masamu ake ndi osavuta: makonzedwe ofuna mafayilo 300 omwazikana pa disiki yotere amataya masekondi atatu kapena kuposa pa kufufuza kokha, edita isanamasulire ngakhale mzere umodzi, pamene disiki ya SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse, imapeza fayilo m'kagawo kakang'ono ka milisekondi imodzi. Choncho pa makina akale chimene chimapweteka kwambiri ndi kuchuluka kwa mafayilo, ndipo pulagini yaing'ono yogawidwa m'timafayilo 40 ikhoza kuchedwetsa kuposa pulagini yaikulu yokhala m'fayilo imodzi.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza, ndipo maedita onse anayi ali ndi choyezera chake. Ku Vim ndi ku Neovim munthu amatsegula edita ndi lamulo lakuti vim --startuptime nthawi.txt (ku Neovim amalemba nvim m'malo mwa vim), ndipo edita imalemba m'fayilo ya nthawi.txt mndandanda wa zonse zimene yachita potseguka, chilichonse ndi nthawi yake m'mamilisekondi. Pa fayilo iliyonse yowerengedwa pamakhala manambala atatu: loyamba ndi nthawi imene yadutsa chiyambire, lachiwiri ndi nthawi imene fayiloyo yadya pamodzi ndi mafayilo ena amene yaitana, ndipo lachitatu ndi nthawi imene yadya payokha. Oyamba kumene amasokonezeka ndi nambala yachiwiri n'kuimba mlandu .vimrc yawo, chifukwa ndiyo imaoneka yaikulu, osadziwa kuti yangosenza nthawi ya mapulagini onse amene inaitana. Wolakwa weniweni amaonekera pa nambala yachitatu. Tiyeneranso kudziwa kuti lamuloli silifufuta zimene zinali m'fayilomo koma limawonjezera pansi pake, kotero kuti woyeza kangapo n'kuwerenga mizere yapamwamba amakhala akuwerenga zotsatira zakale. Lamulo la vim --clean limatsegula edita yopanda makonzedwe a mwini wake, ndipo kusiyana kwa nthawi ziwirizi ndiwo mtengo weniweni wa zonse zimene munthu anawonjezera. Ngati chochedwa chili mkati mwa pulagini, lamulo la :profile limaonetsa kuti ndi ntchito iti imene yaitanidwa kangati ndipo yatenga nthawi yaitali bwanji.

Ku Emacs lamulo la emacs-init-time limanena nthawi yonse imene kutseguka kwatenga, emacs -Q imatsegula edita yopanda makonzedwe, ndipo pulagini ya esup imagawa nthawiyo pa chiganizo chilichonse cha init.el. Ku Visual Studio Code kuli lamulo la Developer: Startup Performance ndi la Developer: Show Running Extensions, lomwe limaonetsa nthawi imene pulagini iliyonse inatenga kuti idzuke. Edita yomweyi ili ndi chida chotchedwa Extension Bisect, chimene chimazimitsa theka la mapulagini, n'kufunsa ngati vuto likadalipo, kenako n'kugawanso theka lotsalalo pawiri, mpaka wolakwa atapezeka; ndi njira imeneyi mapulagini 64 amafufuzidwa m'masitepe 6 okha, ndipo wa Vim kapena Emacs angathe kuchita zomwezo pamanja pozimitsa theka la mizere ya fayilo yake.

Kuyeza kamodzi sikukwanira, chifukwa kompyuta imakhala ikuchitanso zina pa nthawi yomweyo, ndipo pulogalamu ya hyperfine, yolembedwa ndi David Peter, imatsegula edita maulendo ambiri n'kupereka nambala ya pakatikati. Koma hyperfine ikasiyidwa momwe ilili imayeza kutseguka kofunda, komwe kwa munthu wa ku Kabwata wa batire yakufa ndi theka chabe la nkhani. Pa Linux n'zotheka kulamula makina kuti ataye makope a mafayilo amene ali mu RAM polemba nambala 3 m'fayilo ya /proc/sys/vm/drop_caches, ndipo hyperfine ikhoza kuuzidwa kuchita zimenezi isanayambe kuyeza kulikonse. Wosafuna zonsezi angathe kungozimitsa laputopu, kuiyatsanso, n'kutsegula edita ndi --startuptime asanakhudze china chilichonse. Manambala awiriwa, ozizira ndi ofunda, ayenera kusungidwa onse, popeza mankhwala ake ndi osiyana.

Chifukwa choyezera chinafotokozedwa kale ndi Gene Amdahl mu 1967: phindu la kufulumizitsa gawo limodzi la ntchito silingapose kukula kwa gawolo m'ntchito yonse. Minibasi yochoka ku Chelstone kulowa m'tauni m'mawa siifika msanga chifukwa dalaivala waponda mafuta pamene msewu uli poyera, ngati theka la ulendo wonse limathera pa mzere wa magalimoto pa mphambano imodzi. Momwemonso, pa edita imene imatseguka m'masekondi awiri, pulagini yodya mamilisekondi 20 ikhoza kufufutidwa kotheratu popanda munthu kuzindikira kusintha kulikonse, chifukwa inali gawo limodzi mwa magawo 100. Donald Knuth anachenjezanso mu 1974 kuti olemba mapulogalamu amataya nthawi yambiri pofulumizitsa magawo osafunikira, ndipo kuti kuganizira chabe kumene kuli kuchedwa kumasocheretsa ngakhale akatswiri. Mndandanda wa --startuptime ukasanjidwa kuyambira chachikulu, kawirikawiri zinthu zitatu kapena zinayi zokha ndi zimene zimakhala zitanyamula mtolo wonse.

Mwa zinthu zimenezi, choyenera kuchikayikira msanga mu Lusaka ndi chilichonse chimene chimapita pa intaneti edita ikamatseguka. Chitsanzo chodziwika ndi lamulo la package-refresh-contents limene ambiri amaliika mu init.el ya Emacs, lomwe limakatenga mndandanda watsopano wa mapulagini ku nkhokwe za ELPA ndi MELPA, ndipo Emacs imaima chilili mpaka yankho litabwera. Zambia ilibe gombe la nyanja yaikulu, kotero uthenga wopita ku Ulaya umayamba wadutsa m'maiko oyandikana nawo kuti ukafike pa mawaya a pansi pa nyanja. Ngakhale njira ikanakhala yowongoka kuchokera ku Lusaka kukafika ku London, kuwala koyenda m'waya wa faiba kukanatenga mamilisekondi pafupifupi 80 kupita ndi kubwera, ndipo kulumikizana kumodzi kotetezedwa kumafuna maulendo angapo otere. Magetsi akazima kwa maola ambiri, nsanamira za mafoni zimadalira mabatire ndi majenereta, netiweki imafooka, ndipo edita yodikira yankho ikhoza kukhala chete mpaka nthawi yake yodikirira itatha. Visual Studio Code nayo imafufuza ndi kukopera yokha mapulagini atsopano pokhapokha mwini wake ataletsa pa extensions.autoUpdate ndi extensions.autoCheckUpdates, ndipo ngakhale zimenezi siziimitsa kulemba, zimadya bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel mwakachetechete ndi kupanikiza disiki pa nthawi imene edita ikuifuna. Kukonzanso mapulagini ndi ntchito yoti munthu aziichita ndi dzanja lake, pa tsiku limene wasankha, ali pa Wi-Fi ya ku ofesi kapena ya ku yunivesite.

Chachiwiri choyenera kuchikayikira ndi kufufuza mapulogalamu akunja. Neovim ikafuna Python, Ruby, Perl kapena Node.js imayendayenda m'mafoda onse a makina kusaka kumene zili, ndipo kusakako kumathetsedwa pouza edita njira yeniyeni kudzera mu g:python3_host_prog, kapena pozimitsa zosafunika, mwachitsanzo poika g:loaded_perl_provider pa 0. Ogwiritsa ntchito Linux mkati mwa Windows kudzera mu WSL, omwe ndi ambiri pakati pa ophunzira chifukwa malaputopu amagulidwa ali kale ndi Windows, amavutika mowirikiza, popeza mafayilo okhala pansi pa /mnt/c amawerengedwa pang'onopang'ono kwambiri kuposa a mbali ya Linux, ndipo kusaka pulogalamu yokopera ndi kumata mawu kumadutsanso m'mafoda a Windows. Mzere uliwonse wa .vimrc umene umaitana system() umatsegula pulogalamu ina yathunthu n'kuidikira, ndipo mizere itatu yotere ikhoza kudya nthawi yoposa ya mapulagini khumi.

Njira imene imatamandidwa kwambiri ndi kuchedwetsa kudzutsa pulagini mpaka pamene yafunika. Vim 8.0 ya 2016 inabweretsa mafoda awiri, start wa mapulagini odzuka pomwepo ndi opt wa odikira lamulo la :packadd; vim-plug ya Junegunn Choi imalola kunena kuti pulagini idzuke pa lamulo lakutilakuti kapena pa mtundu wakutiwakuti wa fayilo; lazy.nvim ya Folke Lemaitre, imene inatuluka chakumapeto kwa 2022, inamangidwa pa ganizo lomweli ndipo ili ndi choyezera chake cha :Lazy profile. Ku Emacs ntchitoyi imagwiridwa ndi use-package ya John Wiegley, imene inalowa mu Emacs 29 mu 2023. Njirayi ndi yabwino pa pulagini ya chilankhulo chimene munthu amachigwira kamodzi pa mwezi. Koma pali chinyengo chimene ambiri amadzichitira okha: pulagini imene imafunika pa fayilo iliyonse ikachedwetsedwa, nthawi yake siichoka, imangosamukira pa mphindi imene munthu wayamba kulemba, ndipo choyezera chimaonetsa nambala yokongola pamene chilembo choyamba chikukakamira. Pa hadi disiki yozizira kusamukaku kumamveka kwambiri, chifukwa mafayilo aja amawerengedwabe, koma tsopano munthu ali pakati pa ganizo. Pulagini imene mwini wake sakumbukira chifukwa chimene anaiikira iyenera kungochotsedwa.

Pali njira zina zing'onozing'ono zimene phindu lake ndi lotsimikizika. Neovim 0.9 ya 2023 inabweretsa vim.loader.enable(), mzere umodzi woikidwa pamwamba pa init.lua umene umasunga mafayilo a Lua atamasuliridwa kale kuti asamamasuliridwe mobwerezabwereza. Emacs imaima kuti isese zotsalira mu RAM nthawi iliyonse ikagwiritsa ntchito mabaiti 800,000, malire amene anaikidwa makina akadali aang'ono, ndipo kukweza gc-cons-threshold m'fayilo ya early-init.el, imene inayamba ndi Emacs 27, kumachepetsa kusesako pa nthawi yotseguka, malinga nambalayo ibwezedwe pansi pambuyo pake. Kuyambira Emacs 23 ya 2009 n'zothekanso kuisiya Emacs ikuyenda kumbuyo ndi --daemon n'kumatsegula mafayilo ndi emacsclient, komabe njira imeneyi imapindulira kwambiri wa ku Kabulonga amene makina ake amatha sabata osazima.

Funso la pamene munthu ayenera kulekera linayankhidwa ndi Jakob Nielsen m'buku lake la Usability Engineering la 1993, potsatira kafukufuku wa Robert Miller wa 1968: chochitika m'kati mwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi munthu amachiona ngati chachitika pomwepo, sekondi imodzi amaizindikira koma ganizo lake siliduka, ndipo pakadutsa masekondi 10 mtima wake umapita kwina. Kutsitsa edita kuchoka pa masekondi 8 kufika pa imodzi ndi ntchito yaphindu. Kuitsitsa kuchoka pa mamilisekondi 60 kufika pa 45 ndi masewera, okoma ndithu kwa owakonda, koma osayenera kudyera maola ochepa amene magetsi ayaka. Ndipo ngati kuyeza kwaonetsa kuti kutseguka kofunda kuli bwino pamene kozizira n'kumene kukuchedwa, vuto lili pa disiki, ndipo SSD yaing'ono yogulidwa m'tauni imachita zimene kukonza makonzedwe kwa mwezi wathunthu sikungachite.

Langizo limodzi lofala m'makonzedwe okopedwa kunja ndi loopsa kwa wokhala mu Lusaka. Vim imasunga kope la zimene munthu akulemba m'fayilo yobisika yotchedwa swap, ndipo imailemba akatayipa zilembo 200 kapena akapuma masekondi 4, kotero kuti makina akafa mwadzidzidzi lamulo la vim -r limabweza pafupifupi zonse. Emacs imachita chimodzimodzi pa zilembo 300 zilizonse kapena pakadutsa masekondi 30 munthu asanakhudze kiyibodi. Makonzedwe ambiri otchuka ali ndi mzere wa set noswapfile, umene eni ake anauika ponyansidwa ndi timafayilo tobisikato kapena poganiza kuti ukufulumizitsa edita, ngakhale kuti nthawi yopulumutsidwa siioneka n'komwe pa choyezera. Wophunzira wa ku Chelstone amene akulemba pulojekiti yake ya chaka chomaliza pa laputopu yodalira soketi ya pakhoma atsegule fayilo yake ya makonzedwe lero, asake mzere umenewu, ndipo akaupeza aufufute asanayambe kuyeza china chilichonse.